Waya wosatentha: zimene mota yopsa ya pachigayo idatiphunzitsa

Loweruka lina m'mwezi wa Juni, nthawi imene anthu angokolola kumene ndipo mzere wa pachigayo umafika mpaka kumsewu, amalume anga adandiimbira foni kuchokera ku Chinamwali. "Mphwanga, tabwera udzaone kuno, mota yapsa." Fungo lidandichingamira ndisanalowe n'komwe m'chigayomo, fungo la vanishi wopserera limene ukalimva kamodzi suliiwala. Amayi anali akusenzanso matumba awo a chimanga kubwerera nawo.

Mmisiri wokulunga mamota atabwera adamasula chivundikiro cha kumbuyo, n'kutionetsa fani itatsekeka yense ndi fumbi la ufa ndi gaga. M'kati, makoyilo a kopa anali bii ngati makala. Adandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mota siifa ndi ntchito ayi, imafa ndi kutentha." Chigayo chidatsekedwa masabata 3. Amalume adakongola ndalama kubanki m'khonde kuti alipire waya watsopano, ndipo makasitomala ena adazolowera kwina osabweranso.

Ndidapempha koyilo imodzi yopsayo n'kupita nayo m'kalasi langa la Fomu 4 Lolemba lake. Nditalemba pabolodi kuti P = I²R, mtsikana wina wokhala kutsogolo adakweza mkono. "Aphunzitsi, ndiye kuti R ikanakhala ziro bwenzi motayo isanapse? Nanga bwanji osangopanga waya wotero?" Anyamata akumbuyo adaseka. Ndidawauza kuti asiye kuseka, chifukwa waya wotero alipo, ndipo zimene zimamutheketsa zidadziwika kalekale mu 1911. Mtsikanayo sadakhutire. "Ngati alipo, bwanji amalume anuwo sakumugula?" Belu lidalira ndisanayankhe. Yankho lake ndi lino.

Kutenthako kumachokera kuti?

Karenti ndi maelekitironi oyenda m'waya. Koma m'kati mwa kopa simuli msewu woyera. Muli maatomu amene amanjenjemera nthawi zonse, ndipo maelekitironi amawombana nawo, monga mmene munthu amawombanirana ndi anzake akamathamanga mumsika waukulu wa Zomba pakutha pa mwezi. Kuwombanako ndiye resistance, ndipo kulikonse kumatenga kamphamvu pang'ono n'kukasandutsa kutentha.

Tiyerekeze mota ya pachigayo yotulutsa makilowati 15, imene efficiency yake ndi 90%. Kuti itulutse 15, iyenera kukoka makilowati pafupifupi 16.7. Otsalawo, 1.7, amasanduka kutentha, ena m'waya, ena m'chitsulo, ena m'mabeyaring'i. Kuli ngati kutsekera ayironi yoyaka m'kati mwa mota tsiku lonse. Fani ikatsekeka, kutenthako kulibe kothawira, vanishi wokuta waya amasungunuka, mawaya amakhudzana, basi mota yapsa.

Tsono kumbukirani F = BIL, lamulo lija la mphamvu yokankha waya amene ali pakati pa maginito. Injiniya wofuna mota yamphamvu ali ndi njira zitatu zokha. Akawonjezera I, kutentha kumakwera mowirikiza: karenti ikakwera kawiri, kutentha kumakwera kanayi. Akawonjezera L, ndiye kuti waya wambiri, mota yaikulu ndi yolemera. Akafuna kuwonjezera B, chitsulo cha m'mota chimamukanira, chifukwa chimakhuta pa matesla pafupifupi 2, ndipo kupitirira apo ngakhale muthire karenti yochuluka bwanji sichithandizanso kwenikweni. Mamota a kopa ndi chitsulo onse amamangidwa m'kati mwa mpanda umenewu. Ndipo nkhaniyi si yaing'ono, pakuti mamota amadya pafupifupi theka la magetsi onse opangidwa padziko lapansi.

Zimene zidaoneka ku Leiden

Mu 1908, Heike Kamerlingh Onnes wa ku yunivesite ya Leiden ku Netherlands adakwanitsa kuziziritsa mpweya wa helium mpaka kukhala ngati madzi. Helium yamadziyo imawira pa 4.2 K, amene ndi -269 °C. Paja kuti musinthe kelvin kukhala madigiri Celsius mumangochotsa 273. Mu 1911 adaziziritsa mekyule, yemwe uja wa mu thermometer, n'kumayeza resistance yake. Idatsika pang'onopang'ono monga amayembekezera, koma itafika pafupi ndi 4.2 K idangoti zii, kusowa kotheratu. Chinthu chochita zimenezi timachitchula superconductor. Mukaika karenti mu mphete ya waya wotere n'kuchotsa batire, karentiyo imangozungulirabe osatha.

Mu 1933 Walther Meissner ndi Robert Ochsenfeld adapeza kuti superconductor imakankhira kunja mphamvu ya maginito, n'chifukwa chake m'mavidiyo mumaona kamaginito kakulendewera m'malere pamwamba pa kambale kotulutsa utsi wozizira. Chifukwa chenicheni chimene resistance imasowera chidafotokozedwa mu 1957 ndi John Bardeen, Leon Cooper ndi Robert Schrieffer. Adaonetsa kuti kukazizira kwambiri maelekitironi amagwirana awiriawiri, ndipo mapeya onsewo amayenda ngati gulu limodzi. Kunjenjemera kochepa kwa maatomu kulibe mphamvu yokwanira kumwaza gululo, choncho palibe mphamvu yotayika.

Vuto linali helium, yodula komanso yosowa. Zinthu zidasintha mu 1986 pamene Georg Bednorz ndi Alex Müller a ku labotale ya IBM ku Zurich adapeza chinthu chonga dothi lowotcha chimene chimakhala superconductor pa 35 K. Chaka chotsatira, magulu a Paul Chu ndi Maw-Kuen Wu ku America adapeza china chopangidwa ndi yttrium, barium, kopa ndi okosijeni, chimene timangoti YBCO, chogwira ntchito mpaka 93 K. Nambala imeneyi idasangalatsa dziko chifukwa nayitrojeni yamadzi imawira pa 77 K, ndipo nayitrojeni ndi 78% ya mpweya umene tikupumawu.

Akatswiri amazitcha izi ma superconductor "otentha", koma musanyengeke ndi dzinalo. Amene mudagonapo paphiri la Zomba mu Julaye, chiperoni chitakuta mitengo ya paini ku Ku Chawe, mumadziwa kuti kumazizira mpaka mano kugundana. Tiyerekeze kuti usiku wotero kwafika 5 °C. Ameneyo ndi 278 K. Kuzizira kwakukulu kumene kudayezedwapo padziko ndi -89.2 °C, ku Vostok ku Antarctica mu 1983, ndiye 184 K. Pomwe superconductor yopirira kutentha kuposa zonse, popanda kuifinya ndi presha yoopsa, imasiya kugwira ntchito kutentha kusanafike n'komwe pa 184 K. Kunena kwina, palibe malo padziko pano pamene mungangoyala waya ameneyu panja n'kuyamba kugwira ntchito. Mu 2023 nkhani idawanda pa intaneti yakuti ku South Korea apeza chinthu chotchedwa LK-99 chosafuna kuziziritsa. Malabotale ena atayesa, adapeza kuti sizinali zoona.

Mafuwa atatu

Superconductor ili ngati mphika wokhala pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba ndi kuzizira: pali malire a kutentha amene sayenera kudutsidwa. Lachiwiri ndi mphamvu ya maginito yozungulira wayayo, nayonso ili ndi malire. Lachitatu ndi kuchuluka kwa karenti. Limodzi likangosuntha, mphika wagwa, waya wabwerera kukhala ndi resistance. Ndipo atatuwa amadalirana. M'mota, momwe mphamvu ya maginito ndi yaikulu, waya wa YBCO sanganyamule karenti yambiri pa 77 K. N'chifukwa chake okonza mamota amamuziziritsa kupitirira apo, kufika cha m'ma 30 K.

Wayayo sali ngati waya wa m'nyumba. YBCO ndi yosachedwa kusweka ngati mbale yadothi, siingakokedwe n'kukhala ulusi. Amaipaka mopyapyala kwambiri, ngati mamaikiromita 1 kapena 2, pamwamba pa riboni ya chitsulo, kenako n'kukuta ndi siliva ndi kopa. Riboni yotere ya mamilimita 4 m'lifupi, yopyapyala ngati pepala, imanyamula maampu opitirira 100 ikakhala mu nayitrojeni yamadzi. Kopa wa m'mota amapatsidwa maampu pafupifupi 5 pa sikweyamilimita iliyonse, ndiye kuti maampu 100 amafuna waya wonenepa ngati pensulo. Apa ndiye pali phindu: I wamkulu m'malo ochepa, B wopitirira malire a chitsulo aja, mota yaing'ono ndi yopepuka koma yamphamvu zomwezo.

Mitu inayi imene imapweteka injiniya

Woyamba ndi kusankha poika wayayo. Mota ili ndi mbali yozungulira, rotor, ndi mbali yongokhala, stator. Resistance ya ziro ija ndi yoona pa karenti ya DC yokha. Pa AC, pamene mphamvu ya maginito ikusinthasintha nthawi zonse, superconductor imatulutsa kutentha pang'ono, ndipo kutentha kwa pamalo ozizira n'kodula kuchotsa. Choncho mamota ambiri amene apangidwa mpaka pano amaika superconductor pa rotor, pomwe pamayenda DC, n'kusiya kopa wamba pa stator. Ndiye kuti ngakhale mota yotereyi ili ndi I²R yake ndithu, yangochepa.

Wachiwiri ndi kusunga kuzizira. Rotor ili pa -240 °C, pomwe stator, masentimita ochepa chabe kuchokera pamenepo, ingathe kutentha ngati madzi owira. Njira yake ndi ya fulasiki ya tiyi: makoma awiri, pakati pake mpweya wonse utapopedwa, ndi timapepala tonyezimira tobweza kutentha. Kusiyana kwake n'kwakuti fulasiki iyi ikuzungulira, ndipo mpweya woziziritsa, helium kapena neon, uyenera kulowa kudzera pakati pa shafiti yozungulira popanda kudontha.

Wachitatu ndi shafitiyo. Mphamvu yonse yopotokola ya mota iyenera kuchoka pa makoyilo ozizira kukafika pa shafiti yotentha ya kunja. Mukalumikiza ndi chitsulo chochindikala, kutentha kulowera pomwepo, monga supuni yosiyidwa mu tiyi imatenthera mpaka kuchigwiriro. Mukalumikiza ndi chinthu chopyapyala, chithyoka. Amagwiritsa ntchito chubu cholimba cha ulusi wa galasi wosakaniza ndi guluu, chimene sichilola kutentha kudutsa msanga. Chubucho chiyeneranso kupirira kufupika, popeza zinthu zikazizira zimanyala, chilichonse pa mlingo wakewake.

Wachinayi ndi woopsa, dzina lake quench. Kachigawo kamodzi ka waya kakangotentha pang'ono kupitirira malire, kamapeza resistance. Karenti yaikulu ija ikadutsa pamenepo imatulutsa kutentha, kutenthako kumagwira kachigawo koyandikana nako, n'kumafalikira ngati moto wa lupsa mu Okutobala. Pa 19 Seputembala 2008, ku Large Hadron Collider ya CERN pafupi ndi Geneva, polumikizira pamodzi posawotcherera bwino pakati pa maginito awiri padayambitsa ngozi imene idachititsa kuti maginito 53 achotsedwe kukakonzedwa, ndipo makinawo adaima kupitirira chaka. N'chifukwa chake koyilo iliyonse imakhala ndi zipangizo zoyeza voteji nthawi zonse, zokonzeka kuthamangitsira karenti kwina zikangoona kusintha. Taonani, ngakhale waya wopanda resistance amafa ndi kutentha. Mmisiri wa ku Chinamwali uja ankanena zoona kuposa mmene ankadziwira.

Bilu ya firiji

Tsopano tengani cholembera. Kuchotsa kutentha pamalo ozizira n'kukakutaya pamalo otentha kumafuna magetsi, ngati firiji ya kunyumba. Malamulo a thermodynamics amati firiji yangwiro, imene kulibe, ingafune mawati (Th − Tc) ÷ Tc pa wati iliyonse ya kutentha imene yachotsa. Ngati kunja kuli 300 K ndipo m'kati 77 K, yankho ndi 223 ÷ 77, pafupifupi mawati 3. Pa 30 K ndi 270 ÷ 30, mawati 9. Pa 4.2 K ndi mawati 70. Mafiriji enieni amadya kangapo kuposa pamenepa, moti pa 30 K kulipira mawati 50 kapena kupitirira pa wati imodzi si zachilendo.

Tibwerere kuchigayo. Tiyerekeze kuti tapanga fulasiki yabwino kwambiri, yolowetsa kutentha kwa mawati 30 okha. Firiji idzadya 30 × 50, mawati 1,500. Paja mota yakale inkataya 1,700, ndipo superconductor ingapulumutse gawo chabe la amenewo. Ndiye kuti tagula waya wodula, firiji yodula, n'kumalipira magetsi ambiri kuposa kale. Onjezani apo kuti firijiyo iyenera kuyaka usana ndi usiku ngakhale chigayo chitatsekedwa. Tonse tikukumbukira mmene magetsi ankazimira namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Makoyilo akatenthedwa, kuwaziziritsanso si nkhani ya mphindi 5.

Koma mota ikakula, masamu amatembenuka. Kutentha kolowa kumadalira kukula kwa khungu la fulasiki, pomwe mphamvu ya mota imadalira kukula kwa thupi lonse, ndipo thupi limakula msanga kuposa khungu. Pa mota ya mamegawati 36.5, kupulumutsa 1% yokha ndi makilowati 365, okwanira kuyendetsa zigayo zonga cha amalume zopitirira 20. Pamenepo bilu ya firiji imakhala ngati ndalama ya machesi.

Kumene adaimangadi

Nambala ya 36.5 sindinaitole m'mutu. Makampani a American Superconductor ndi Northrop Grumman adapangira asilikali a pamadzi a ku America mota yoyendetsa sitima ya mphamvu imeneyi, ndipo kumayambiriro kwa 2009 adalengeza kuti ayiyesa pa mphamvu yake yonse ku Philadelphia. Imazungulira ka 120 pa mphindi, ndipo imalemera matani pafupifupi 75, osafika theka la mota ya kopa yofanana nayo. Kuti mumvetse kukula kwake, makina amodzi mwa anayi a ku Kapichira amatulutsa mamegawati 32.4, osakwanira kuidyetsa.

Ku Denmark, m'ntchito yotchedwa EcoSwing, adakweza jenereta ya superconductor pamwamba pa chimphero chopangira magetsi a mphepo ku Thyborøn mu 2018, n'kupereka magetsi mu 2019. Jenereta ndi mota yoyendetsedwa chobwerera, choncho mavuto ake ndi omwewa. Inali yopepuka poyerekeza ndi ya maginito wamba imene idachotsedwapo. Ku Japan, sitima yapamtunda yolendewera ya L0 idathamanga makilomita 603 pa ola mu Epulo 2015. Mota yake ndi yotambasulidwa: maginito a superconductor ali m'sitimamo, makoyilo ali m'mbali mwa njira. Pa liwiro limenelo, Zomba mpaka Blantyre ndi mphindi pafupifupi 7. Nayo kampani ya Airbus idayamba mu 2021 kuyesa mamota otere a ndege, poganizira kuti ndege yoyendera hydrogen yamadzi, amene amakhala pa 20 K, yanyamula kale kuzizira kwake.

Onani chimene chikufanana pa zonsezi: sitima, ndege, jenereta ya pamwamba pa nsanja. Ponsepo kilogalamu iliyonse ndi ndalama. Chigayo chimakhala pasimenti, kulemera kwa mota sikuvutitsa munthu. Ndipo ngakhale m'malo amenewo, mamota ambiri mwa awa akadali oyesera. Waya wake akadali wodula, ndipo mwini sitima amafuna makina amene mmisiri wa padoko lililonse angathe kukonza.

Miyala ya kwathu

Mukakwera phiri mumakumana ndi anyamata ogulitsa miyala yonyezimira kwa alendo, yambiri yochokera ku phiri la Malosa, lodziwika padziko lonse ndi mwala wakuda wosongoka wa aegirine. M'matanthwe omwewo akatswiri adapezamo timiyala tosowa tokhala ndi yttrium, Y wa mu YBCO uja, komanso niobium. Niobium wosakaniza ndi titanium ndiye waya wa superconductor wogwiritsidwa ntchito kwambiri padziko, wa m'makina ambiri a MRI a m'zipatala ndi mu Large Hadron Collider. Mukaima pa Emperor's View kukayera, mumaona nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, chimene matanthwe ake alinso ndi mwala wa niobium wotchedwa pyrochlore. Mgodi wa niobium umene wakhala ukukonzedwa ndi wa ku Kanyika m'boma la Mzimba. Ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe kuli miyala ya neodymium, wopangira maginito amphamvu osafuna firiji, amene ndiwo akupikisana ndi superconductor m'mamota a masiku ano.

Kupezeka kwa mwala sikutanthauza mgodi, ndipo mgodi sutanthauza fakitale ya waya. Pakati pa mwala wa ku Malosa ndi riboni ya mamilimita 4 pali ntchito yaikulu ya chemistry, physics ndi uinjiniya, ndipo ndalama zambiri zili mu ntchito imeneyo. Amene adzaidziwe ndi amene lero akulimbana ndi I²R m'kalasi, kenako n'kupita ku Yunivesite ya Malawi pompano pa Zomba, ku MUBAS kapena ku MUST.

Lachitatu lake ndidabwerera m'kalasi ndi masamu a firiji aja. Mtsikana uja adawerengera yekha, n'kupeza 1,500. Adakhala chete pang'ono, kenako adati, "Ndiye amalumewo angogula burashi yotsukira fani." Kalasi lidasekanso, koma ulendo uno ndidaseka nawo, chifukwa ndi malangizo omwewo amene mmisiri uja adapereka. Amalume tsopano amatsuka chivundikiro cha fani Lachisanu lililonse, atazimitsa magetsi pa switchi yaikulu, ndipo adaikitsa kachipangizo kodula magetsi karenti ikapyola muyezo.

Koyilo yopsa ija ikadali m'kabati ya mu labu. Kwa inu amene mukukonzekera mayeso a MSCE, nali funso loti mulimbane nalo sabata ino: mota ya makilowati 500 ili ndi efficiency ya 95%. Rotor ya superconductor ingachotse gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yotayikayo, koma fulasiki yake ikulowetsa mawati 100, ndipo firiji ikudya mawati 60 pa wati iliyonse. Kodi mwini fakitale apindula pa bilu ya magetsi kapena aluza, ndipo ndi makilowati angati? Onetsani njira yonse, osangolemba yankho.